Boti Losafulumira

Ine ndine mlimi wa ku Etatara, m'boma la Cuamba. Ndimalima cimanga, nandolo ndi thonje. Kwathu madzi amene timawadziwa ndi a pacitsime ndi a mumtsinje. Nyanja ndinali kungoimva kwa amai anga.

Amai sanali a kuno. Anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kumwera kwa Cóbuè. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, anathawira ku Malawi ali mtsikana. Kumeneko anakwatiwa ndi atate, Mlomwe wa ku Etatara. Dziko litalandira ufulu mu 1975, anabwera nao kuno. Cinyanja cimene ndikulembaci ndinaciyamwa kwa iwo. Tikagula usipa wouma pa msika wa Cuamba, amai anali kuununkhiza kaye asanauike mumphika. Anamwalira mu 2017 osaionanso nyanja yao.

Mu Disembala 2018 ndinalandira foni. Amalume, mlongo wao wa amai, anali kudwala. Anali kufunsa za mwana wa mlongo wao, amene anali asanamuonepo. Nthawi inali yoipa kwa mlimi. Mvula inali itagwa, cimanga citamera, ndipo udzu unali kuthamanga kuposa cimangaco. Ndinakhala pakhonde osadziwa cocita. Mkazi wanga anati, "Pitani, bambo. Udzu mudzaupeza. Amalume anu mwina simudzawapeza."

Ndinatenga mwana wanga wamkazi wa zaka 14, pakuti sukulu inali itatsekera. Tinakwera chapa pa Cuamba. Tinadutsa Mandimba, tinadutsa Massangulo m'boma la Ngauma, galimoto ikulimbana ndi matope. Tinagona ku Lichinga, kumene kumazizira ngakhale m'nyengo yotentha. M'mawa tinakwera ina ya ku Metangula. Msewu utayamba kutsika phiri, mwana anandigwira mkono. Pansi pathu panali madzi, ndipo tsidya lake linali kungooneka ngati utsi.

Nyanja imeneyi ndi yaikulu ndithu. M'litali mwake imaposa makilomita 550. Pamene pali pakuya kopambana pamafika mamita pafupifupi 700. Maiko atatu amaizungulira. Ife timati Niassa, a ku Malawi amati nyanja ya Malawi, a ku Tanzania amati Nyasa.

Ku mudzi wa amalume sikufika galimoto. Njira yake ndi ya pamadzi. Koma boti lonyamula anthu ndi katundu linali litacoka dzulo lake. Lina, anatero anthu, lidzanyamuka likadzaza. Tinadikira tsiku loyamba. Tinadikira laciwiri. Ndalama zinali kupita ku cakudya ndi ku malo ogona.

Tsiku laciwirilo tinayenda pansi mpaka ku Chuanga, kumpoto pang'ono kwa Metangula, kumene kuli mcenga woyera. Kumeneko ndinaona cinthu cacilendo. Kunali anthu ocokera ku Lichinga, ena ku Nampula, ndi azungu angapo. Sanabwere ku maliro, kapena ku ukwati, kapena kudzagula nsomba. Anabwera kudzapuma pa chuthi. Anali kulipira boti la injini, kukwera, kupita pakati pa madzi, kuzungulira, ndi kubwerera pamalo pomwe anakwerera. Atatsika anali kuseka ngati apindula kanthu.

Ndinaipidwa nazo, sindibisa. Ine ndimadziwa mtengo wa lita imodzi ya petulo, ndipo ndimadziwa thukuta limene limagwa kuti thonje lidzaze thumba. Mumtima ndinati, awa akutentha ndalama pamadzi, pamene ine ndikusowa boti lokaonera wodwala.

Ndinadandaula kwa mwana wanga m'Cimakua, poganiza kuti palibe wondimva. Mai wina amene anakhala pa nsalu pafupi nafe anaceuka. "Kodi inu ndinu a kwathu?" anatero m'Cimakua comweco. Anali wa ku Nampula. Anabwera ndi mwamuna wake, mlamu wake ndi ana awiri. Anali atapangana ndi mwini boti kuti awayendetse masiku atatu m'mbali mwa nyanja mpaka ku Cóbuè. Ndinawauza kuti nanenso ndiri kupita cakumeneko kwa acibale. Za matenda sindinanene. Sindinafune kuoneka wopempha cifundo. Iwo anati malo alipo. Ine ndinalipira mafuta a cigubu cimodzi ca malita 20.

Botilo linali la matabwa, lopaka utoto wabuluu, lokhala ndi denga la lona. Injini yake imakhala kumbuyo, yopacika kunja. Pansi pake pali kacitsulo ka mapiko kamene kamazungulira m'madzi ndi kukankha boti. Woyendetsa amagwira cogwirira ca injiniyo. Akacikankhira kumanja, boti limakhotera kumanzere. Izi zinandizunguza mutu tsiku lonse. M'botimo munalinso zigubu za petulo wosakaniza ndi oilo, nangula, nkhafi ziwiri, ndi cidebe cokapira madzi.

Tisananyamuke woyendetsa anatiwerenga. Tinalipo 9, kuphatikizapo iye ndi mnyamata womthandiza. Anapatsa aliyense jekete yoyandamitsa, yofiirira ngati papaya wakupsa. Ine ndinaiika pambali. Ndinaona ngati cobvala ca ana.

"Acikulire, mumatha kusambira?" anandifunsa.

"Iai."

"Ndiye bvalani. Apo ai, injini sindiliza."

Ndinabvala.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka, madzi ali phee. Ndinasangalala. Ndinati madzulo ndikhala nditagwira dzanja la amalume. Koma sitinapite patali, boti linakhotera kumtunda. Alendo anafuna kuona chalichi cakale ca Anglican ku Messumba. Tinadikira. Titanyamukanso, anaona nkhwazi pamtengo, ndipo boti linaima kuti aijambule. Atapeza gombe la miyala, anaponya nangula, nalowa m'madzi.

Anali ndi magalasi obvala kumaso, oonera pansi pa madzi. Anabwereka mwana wanga. Iye anagwira m'mphepete mwa boti, naviika nkhope. Anadzuka akufuula, "Atate, nsomba zabuluu! Zina zacikasu! Zina za mizeremizere!" Woyendetsa anati nsombazo ndi mbuna, zimakhala m'miyala ndi kudya ndere. Anati m'nyanja muno muli mitundu ya nsomba mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. N'cifukwa cake mu 2011 boma linaika mbali yathu ya nyanjayi pa malo otetezedwa.

Ine sindinali kumva zimenezo. Ndinali kuyang'ana dzuwa. Ndinanong'oneza woyendetsa kuti tifulumire. Iye anati, "Lero boti si langa, acikulire. Ndi la amene alilipira." Mkwiyo wanga unagwera pa mwana. Ndinamkalipira kuti atuluke m'madzi, kuti sitinabwere kudzasewera. Anabweza magalasi aja mwakacetecete, nakhala kutsogolo atandifulatira. Mpaka lero ndikakumbukira ndimamva manyazi.

Masana ndinaona utsi wakuda ukukwera pakati pa nyanja. Ndinaimirira, ndinati boti lina likupsa. Mnyamata uja anaseka. Sunali utsi. Zinali nkhungu, tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timatuluka m'madzi tambirimbiri nthawi imodzi. Anthu a kunyanja amatigwira ndi malicero ndi kutiumba ngati zitumbuwa. Amai anandiuzapo zimenezi, koma ine ndinali kuyesa nthano.

Dzuwa litapendeka, woyendetsa analeka kulankhula. Anali kuyang'ana kumpoto. Kumeneko madzi anali atada, ndipo pamwamba pake panali mtambo wolemera. Anakhotetsa boti kuloza kumtunda. Bambo wa ku Nampula anakana. Anafuna kukagona pa bedi ku Cóbuè. Nanenso ndinakana. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ine ndi iye tinali mbali imodzi, tonse kukakamiza munthu amene anabadwira pa madziwo.

Woyendetsa sanakweze mau. Anati m'miyezi yozizira mphepo yoopsa ndi mwera, wocokera kumwera. M'nyengo ya mvula kumabwera mpoto, ndipo namondwe wake sacenjeza. Anatikumbutsa za Vipya, sitima ya citsulo imene inamira pa nyanja yomweyi mu 1946 ndi anthu 145. "Imeneyo inali ya citsulo," anatero. "Ili ndi la matabwa."

Mphepo inatipeza tisanafike. Boti linali kukwera pamwamba pa funde, kenaka n'kugwa ngati thumba logwa pa ngolo. Nthawi zina mapiko a injini anali kutuluka m'madzi, injini n'kulira mopanda pake. Madzi anali kulowa. Ana a alendo anali kulira. Mnyamata anali kukapa ndi cidebe, ndipo mwana wanga anatenga poto wa mai uja nayamba kukapa nayenso. Ine, bambo wamkulu, ndinangogwira thabwa ndi manja awiri. Zingwe za jekete ija ndinazimanga kawiri.

Asodzi a pa kagombe kena anationa. Analowa m'madzi mpaka m'cifuwa, nagwira boti, nalikokera pa mcenga. Sanatifunse kuti ndife ayani. Anatipatsa moto, nsima ndi usipa wauwisi. Ndinali ndisanadyepo usipa umene sunaone dzuwa. Pakati pa usiku mphepo inaleka, ndipo asodziwo anapita pamadzi ndi nyali zao zokopera usipa. Nyanja inaoneka ngati mzinda.

Ndinalephera kugona. Mai wa ku Nampula anandipeza nditakhala pa bwato logadabuzika. Anandifunsa cimene cinali kundidya tsiku lonse. Pamenepo ndinamuuza za amalume. Anakhala cete, kenaka anandikalipira monga mlongo amakalipira mlongo wake. "Acimwene, mwakhala ndi ife kuyambira m'mawa, ife tikujambula mbalame, inu osanena? Mumatiyesa anthu otani?" Ndinalibe coyankha. Ndinali nditawaweruza kale pa mcenga wa ku Chuanga, ndisanadziwe ngakhale maina ao.

Kutaca boti silinaime paliponse. Dzuwa lisanatenthe tinafika. Kutali kumpoto kunali kuoneka cilumba ca Likoma, cimene ndi ca Malawi ngakhale ciri pafupi ndi gombe lathu.

Amalume anali moyo. Anagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, ataonda ngati bango. Maso anali atacita khungu. Ndinagwada, ndinapereka moni. Anandigwira nkhope ndi zala, nati, "Lankhulanso." Ndinalankhula. Anati, "Mau awa ndi a mlongo wanga." Tinalira maliro a amai tsiku limenelo, caka citapita.

Madzulo anandiuza kuti anamva injini yathu ikali kutali. Anati pa nthawi ya nkhondo maboti a injini anali a asilikali a Apwitikizi a ku Metangula. Injini ikamveka, anthu anali kusiya mphika pamoto ndi kuthawira kuphiri. Amai anacoka usiku wotere, pa bwato, osatsazika. Amalume anati mpaka ukalamba wao, injini ikalira usiku, mtima unali kuyamba wathamanga, nzeru n'kubwera pambuyo.

Kenaka anafunsa, "Nanga alendo akowa akugula ciani? Usipa?"

"Sakugula kanthu, amalume. Akungoyenda kuona nyanja."

"Kuona cabe?"

"Kuona cabe."

Anaseka mpaka anatsokomola. Anati iwo anakhala pa madzi amenewa moyo wao wonse, koma sanapitepo pa nyanja opanda khoka kapena mbedza. Anakhala cete nthawi yaitali. Ndinayesa agona. Mwadzidzidzi anati, "Mphwanga, kafunse ngati muli malo a nkhalamba."

Alendo anali atamanga hema pa gombe, kuti anyamuke m'mawa. Ndinapita kwa woyendetsa. Anati mafuta otsala ndi owerengeka, ofikira ku Cóbuè. Msodzi wina wa m'mudzimo anali nao m'cigubu. Ndinagula malita 5 ndi ndalama zimene ndinasungira ulendo wobwerera.

M'mawa tinawanyamula pa mpando, anthu anai. Woyendetsa anawabveka jekete yoyandamitsa, ndipo iwo sanakane monga ndinakanira ine. Boti linayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe. Amalume anatsitsa dzanja m'madzi. Sanali kuona, koma anali kuchula malo onse tisanawafike. Apa pali mwala umene anali kuwedzapo ali mnyamata. Apa panamira ng'ombe ya agogo. Apa, pa mcenga wa pakati pa miyala iwiri, ndi pamene amai anali kutsuka mbale ndi kuthamangitsa tinsomba ndi cipande. Mwana wanga anapempha kuti boti liime pamenepo. Anayang'ana kwa ine. Ndinamuuza kuti abwereke magalasi aja. Atatha iye, ndinabvala ine, ndipo mnyamata wa boti anandigwira lamba kuti ndisagwere m'madzi. Nsombazo zinalidi zabuluu.

Tinazungulira, ndi kubwerera pamalo pomwe tinakwerera.

Alendo anapitirira ulendo wao wa ku Cóbuè. Ife tinakhala masiku asanu, kenaka tinakwera boti la katundu, titapanikizana ndi matumba a usipa. Pa Lichinga ndalama zinatha, ndipo ndinagulitsa foni yanga kuti tifike ku Cuamba. Kumunda ndinapeza udzu wofika m'maondo, mkazi wanga atalimira theka yekha. Caka cimeneco nkhokwe sinadzaze. Amalume anamwalira mu Febuluwale 2019. Uthenga wake unafika pa foni ya mnansi wanga.