Kuphunzira Njinga Yamoto M'minda ya Tiyi ku Thyolo

Msewu wochokera ku Limbe ukangodutsa msika wa Bvumbwe, dziko limasintha. Tiyi amayamba kuoneka mbali zonse, wobiriwira mpaka m'munsi mwa phiri la Thyolo. Kuno ndi kwa maesiteti monga Conforzi, Naming'omba ndi Satemwa, yomwe inayamba mu 1923. Misewu yolowera m'mindayi ndi ya dothi lofiira, yokhotakhota, yodzaza zitunda ndi mitsetse. Kumene minibasi siifika, anthu amadalira njinga yamoto ya kabaza.

Anyamata ambiri amaphunzira njingayi kwa anzawo pabwalo la mpira, mawa lake n'kuyamba kunyamula anthu. Ife tinasankha kuyamba ndi mlangizi wodziwa ntchito, ndipo misewu ya kuno inationetsa chifukwa chake zimenezi n'zofunika.

Phunziro loyamba linachitika injini ili yozima. Tinakankha njinga kuti timve kulemera kwake, kenako tinaloweza ntchito ya chiwalo chilichonse. Dzanja lamanzere limagwira kilachi, phazi lamanzere limasintha magiya, dzanja lamanja lili ndi buleki yakutsogolo, phazi lamanja ya kumbuyo. Tisanakwere, mlangizi anayendera zipewa zathu. Helemeti yosamanga lamba wapachibwano imavuka munthu asanafike n'komwe pansi.

Titalowa m'minda, tinaphunzira kuti buleki yakutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu zambiri, koma ukaifinya mwadzidzidzi pa katondo wonyowa, tayala limatereraka. Mabuleki onse awiri amagwidwa pamodzi, pang'onopang'ono. Pamtsetse timatsika ndi giya yaying'ono. Chizolowezi chozimitsa injini kuti tisunge petulo chimasiya ntchito yonse kwa mabuleki okha. Liwiro limachepetsedwa tisanalowe pokhota, maso ali kumene tikupita.

Malo okhotawa amabisa zambiri. Kuseri kwa mitengo ya bulugama kumatha kutulukira thirakitala yokoka ngolo ya masamba, kapena othyola tiyi ali ndi madengu kumsana, makamaka nyengo ya mvula pamene tiyi amachuluka. M'miyezi yozizira kumabwera chiperoni, nkhungu n'kuphimba msewu. Pamenepo nyali iyake ngakhale masana, ndipo woyendetsa avale chovala chowala.

Tinatsiriza ulendo cha ku Makwasa, kumene kuli chipatala cha Malamulo, pa mishoni imene inayamba mu 1902. Nthawi zambiri mayi woyembekezera kapena mwana wodwala wa m'midzi yozungulira amafika pachipatalachi atakwera njinga yamoto. Moyo wawo umakhala m'manja mwa woyendetsayo. Iyenso akathyoka mwendo, banja lonse limasowa pogwira kwa miyezi.

Choncho ngati mwana wanu akufuna kuyamba kabaza, ndalama yoyamba ipite ku maphunziro ndi laisensi ya ku Road Traffic, njingayo ibwere pambuyo. Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Tipemphe helemeti, tikane kukwera atatu panjinga imodzi, ndipo woyendetsa akamathamanga kapena akamanunkha mowa, timuuze ayime titsike. Kuchedwa pang'ono m'minda yokongola chonchi sikupweteka munthu.