Mpopoma: Komwe Chingerezi Chidaphunziridwa pa Njanji ndi pa Chitupa

Kuzambwe kwa mzinda wa Bulawayo, m'dziko la Zimbabwe, kuli dera la Mpopoma, dzina lomwe m'Chindebele limatanthauza mathithi. Derali lidamangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo lili pafupi ndi bwalo lalikulu lolumikizirapo mabogi a sitima zapamtunda. Njanjiyo pamodzi ndi mafakitale a ku Belmont ndi zomwe zidakoka amuna ambiri ochokera ku Nyasaland. Ena adabwerera kumudzi, ena adatchona, ndipo zidzukulu zawo zikupezekabe ku Mpopoma ndi kumadera ena monga Matshobana ndi Sizinda.

Ambiri mwa makolowa sukulu sadapite nayo patali. Kuntchito ankalamulidwa m'Chilapalapa, pamsika pankamveka Chindebele, pomwe Chinyanja chinkayankhulidwa m'nyumba ndi pamaliro. Chingerezi chidali chiyankhulo cha mapepala: tikiti ya ntchito, kalata ya khonsolo, lisiti la lendi. Munthu ankaphunzira liwu pa tsiku lomwe lamukhudza. Liwu loti "overtime" ankalidziwa chifukwa limanenepetsa malipiro, "deduction" chifukwa limawaondetsa, ndipo "arrears" linkakhazikika m'mutu ikangofika kalata yoopseza kuti banja lituluke m'nyumba. Liwu lophunziridwa motere silifuna kuloweza, pakuti limabwera ndi tsiku lake komanso nkhope ya yemwe adalinena.

Mbadwo uliwonse udali ndi mawu ake. Omwe adaona ogwira ntchito kunjanji akunyanyala mu 1945, ndiponso kunyanyala kwakukulu kwa mu 1948, sadafunike mphunzitsi wowamasulira liwu lomwe lero timati sitalaka. Ana awo adakumana ndi "retrenchment" kuyambira mu 1991, pamene ndondomeko ya zachuma ya ESAP idachotsetsa anthu ntchito m'mafakitale. Zidzukulu zophunzira kusukulu monga Mpopoma High School ndizo zidasanduka maso a agogo, kuwawerengera makalata a penshoni ndi a kuchipatala, n'kumatola nazonso mawu omwe m'mabuku a m'kalasi mulibe.

Koma liwu lomwe lidapweteka kwambiri ndi lomwe linkalembedwa pachitupa: "alien". Lamulo la unzika la mu 2001 lidafuna kuti aliyense yemwe akadatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo. Anthu obadwira ku Bulawayo, omwe nyanja ya Malawi ankangoimva m'nthano za agogo, adapezeka kuti ndi alendo kwawo komwe, ndipo ambiri sadathe kuponya voti. Tanthauzo la liwulo adaliphunzira ali pamzere wa ku ofesi ya zitupa. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo omwe kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Malamulo omwewo adaika Chichewa m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Mbiri ya Mpopoma ili ndi phunziro kwa oyendetsa sukulu zakwacha ndi mabungwe ophunzitsa akuluakulu. Buku loyamba la wophunzira lili kale m'nyumba mwake: khadi la kusikelo, uthenga wa pafoni wonena za ndalama, fomu ya kusukulu ya mwana. Mphunzitsi akapempha ophunzira kuti abwere ndi pepala lomwe lawasowetsa tulo sabata imeneyo, n'kuwalola kufotokoza m'chiyankhulo chawo zomwe zidachitika, mawu achingereziwo amakhala atapeza pogwira.

Njira yomweyi ikufunikanso ku Chichewa. Zidzukulu zambiri zimayankhula bwino Chindebele ndi Chingerezi, koma Chichewa zimachimva pamaliro, m'nyimbo za kutchalitchi ndi pabwalo la gule wamkulu basi. Malamulo adachipatsa malo papepala. Kuti chikhalebe ndi moyo ku Mpopoma, pakufunika kuti agogo achiyankhule ndi adzukulu pophika, potumana ndi pocheza madzulo.