Mphaka Alibe Malire, Koma Ali Ndi Mwini

Mbuzi ikalowa m'munda mwa munthu, nkhani yake sichedwa. Mwini munda amaigwira n'kuimangirira pamtengo, kenako amatuma mwana kukaitana mwini mbuzi. Akalephera kumvana amapita kwa amfumu, ndipo kumeneko chimanga chodyedwacho amachiwerenga phesi ndi phesi. Palibe amene amaima pabwalo n'kumati mbuzi ndi mbuzi, kudya chimanga n'chibadwa chake. Tonse timadziwa kuti chibadwa n'cha mbuzi koma mlandu ndi wa mwini.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi timaiiwala nkhani ikafika pa mphaka. Akagwira khoswe, mwini wake amanyadira: "Mwamuona wanga uja?" Akagwira mwanapiye wa aneba, yankho limasintha: "Aaa, amphaka ndi ambiri kuno, mwadziwa bwanji kuti ndi wanga?" Phindu la mphaka limatsala pakhomo pa mwini, zowonongeka zimagwera amene sanapemphe n'komwe kuti paderapo pakhale mphaka.

Ndisanapitirire, dziwani kuti ine amphaka ndimawakonda. Ndinakulira m'nyumba imene matumba a chimanga ankagona pabalaza, ndipo popanda mphaka bwenzi theka la chakudya chathu likuthera m'mimba mwa makoswe. Mphaka wa kuno ndi wantchito, ndipo ntchito yake amaidziwa. Vuto langa lili ndi ife eni ake.

Ndimakhala ku Chikanda, ku Zomba, monga ophunzira ambiri a ku UNIMA amene malo ogona pasukulu sanatikwanire. Alandi athu ali ndi mphaka wamkazi, ndipo pa zaka ziwiri zimene ndakhala pano waswa kanayi. Kuseri kwa mpanda wathu kuli mayi wina amene amaweta nkhuku zachikuda. Nkhukuzo ndiye banki yake. Mwana akadwala kapena kusukulu akafuna ndalama, amagwira imodzi n'kupita nayo kumsika. Mwezi wathawu thadzi lake linaswa anapiye 9, lero atsala atatu. Ena mwina anatengedwa ndi kabawi, koma awiri ndinawaona ndi maso anga akulowa pansi pa mpanda ali kukamwa kwa mphaka wa kwathu. Mayiyo anaonanso, koma sananene kanthu. Madzi amatunga pampopi wa alandi athu omwewo, ndiye angayambe bwanji mlandu wa anapiye ndi munthu amene ali ndi kiyi wa mpopi?

Kukhala chete kotereku timakutenga ngati mtendere, pamene ndi mkwiyo umene wasowa potulukira. Kumene umathera timakudziwa tonse: kausipa kothira tameki, koponyedwa m'mbali mwa mpanda usiku. Tsoka lake, poizoni sasankha. Amapha mphaka, amapha galu wa munthu wina wosalakwa, amapha nkhuku zimene zatola nyenyeswa, ndipo pabwalo lomwelo m'mawa pamakwawa mwana. Nkhani imene ikanatha ndi kupepesa ndi ndalama ya anapiye awiri imasanduka udani wa zaka.

Anapiye ndi mbali imodzi chabe. Mphaka akafuna kudzithandiza amasaka dothi lofewa, ndipo dothi lofewa m'matauni mwathu ndi bedi la mpiru la aneba kapena mulu wa mchenga umene ana amaseweretsa. M'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo totchedwa Toxoplasma, timene timakhala ndi moyo m'nthaka kwa miyezi. Anthu ambiri athanzi tikawalowa samva kanthu, koma kwa mayi woyembekezera tingathe kuvulaza mwana ali m'mimba, ndipo kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika tingafike ku ubongo. Palinso chiwewe. Anthu pafupifupi onse amene amafa nacho amachitenga kwa agalu, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu ku Blantyre kuyambira 2015. Koma mphaka naye amachitenga ndipo amapatsira, makamaka woyendayenda amene amakumana ndi nyama zosiyanasiyana usiku. Zizindikiro za chiwewe zikangoonekera mwa munthu, kuchira kulibe. Ndi angati mwa ife amene tinapitako ndi mphaka kwa a vetenale kukabayitsa katemera?

Ndiye pali phokoso la usiku. Mphaka wamkazi akafuna wamwamuna amalira ngati khanda, amuna n'kumamenyana padenga la malata mpaka tambala woyamba. Kwa ine wolemba mayeso m'mawa, kumeneko n'kusowa tulo basi. Koma kwathu kuno mphaka wolira pawindo la munthu pakati pa usiku samveka ngati mphaka kwa aliyense. Pakhomopo pakakhala matenda, anthu amayamba kufunsana kuti mphakayo watumidwa ndi ndani, ndipo chala nthawi zambiri chimaloza gogo wokhala yekha. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe okalamba akupitirira kumenyedwa ndi kuphedwa pa zifukwa zochepa ngati zimenezi. Mphaka wosafula ndi wosatseka akhoza kubweretsera munthu wosalakwa mlandu umene sangaukane.

Kuswana kwake n'kumene kumakulitsa zonsezi. Mphaka wamkazi angatenge bere ali ndi miyezi 4 mpaka 6 yokha, bere lake limatenga masiku pafupifupi 65, ndipo pachaka angaswe kawiri kapena katatu. Ana akachuluka timagawa awiri, otsalawo timawasiya adzionere okha kapena timakawataya kumsika m'thumba. Amenewo ndi aja amadzatchedwa amphaka opanda mwini, ngati kuti anagwa ndi mvula.

Mayiko ena nkhaniyi anaitengera patali. Ku America, kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anayerekeza kuti amphaka amapha mbalame pakati pa 1.3 ndi 4 biliyoni chaka chilichonse. Ku Canberra, likulu la Australia, mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 July 2022 saloledwa kutuluka pamalo a mwini wake. Mnzanga wina atamva zimenezi anati ifenso tingokhazikitsa lamulo lomwelo. Ine sindikugwirizana naye. Nyumba zathu zambiri zilibe siling'i, zitseko zimakhala zotsegula tsiku lonse chifukwa timaphikira panja, ndipo banja limene likuvutika kupeza ndiwo silingagule chakudya cha mphaka cha m'sitolo. Lamulo limene palibe angalitsate limangopereka mpata wa ziphuphu.

Zimene ndikupempha n'zazing'ono, ndipo zili m'manja mwathu. Mphaka azidya pakhomo. Chikhulupiriro chakuti wanjala ndiye amagwira bwino makoswe n'chabodza, pakuti mphaka amasaka ngakhale atakhuta, ndipo njala imangomuphunzitsa kuvundukula mapoto a eni. Dzuwa likalowa azitsekeredwa m'nyumba. Makoswe amene munamutengera aja ali m'nyumba mwanu momwemo, nanga kukhola la nkhunda za aneba akukatani? Azibayitsa katemera wa chiwewe. Wamwamuna afulidwe, wamkazi atsekedwe. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limagwira ntchito imeneyi, ndipo kwina konse poyambira ndi ku ofesi ya za ziweto. Ndipo akalakwa, mwini apite yekha kwa aneba asanaitanidwe, akafunse kuti zawonongeka n'zingati.

Aneba nawo ali ndi mbali yawo. Anapiye a masabata oyambirira angathe kuvundikiridwa ndi dengu, usipa woyanika ungakhale ndi woyang'anira, ndipo dandaulo liyenera kupita kwa mwini mphaka masana, osati kwa mphakayo usiku. Koma kuyankhula kumavuta pamene wina ali ndi mpopi wina ali ndi ndowa. N'chifukwa chake udindo woyamba uli kwa amene ali pamwamba: afunse yekha, chifukwa wapansi sadzayamba.

Ambiri amene mukuwerenga pano posachedwa mukhala ndi nyumba zanu ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Katoto, ndipo khoswe woyamba akadzangoboola thumba la ufa mudzafuna mphaka. Mudzamutenge ndithu. Koma tsiku lomwelo mudzagogode pakhomo loyandikana nalo, mudzawaonetse mtundu wake, n'kuwauza kuti, "Uyu ndi wanga. Akakulakwirani, bwerani kwa ine."