Matabwa Aawisi Adatiphunzitsa Kudikira

Ife ndife a ku Nkhotakota, kumene munthu amagona zenera lili pululu. Ntchito itatifikitsa pa boma la Mzimba tidadziwa kuti kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno sikocheza. Nyumba yomwe tidagula inali ya simenti pansi, ndipo m'bandakucha simentiyo inkaluma mapazi ngati madzi a pachitsime.

Ife ndi ana tidapirira, koma mayi athu okalamba atabwera kudzakhala nafe zinthu zidasintha. Iwo mpando saufuna. Kudya, kucheza ndi kuswali, zonse ndi pamkeka. Tsiku lina atatha swala ya m'mawa adalephera kudzuka chifukwa cha mawondo. Adati, "Ananga, ndibwezereni kunyanja ndikafere kofunda." Mawu amenewa adatilasa mtima, ndipo pokonza nyumbayo tidagwirizana zoyala matabwa m'chipinda mwawo.

Matabwa a paini kuno sasowa. Nkhalango ya Chikangawa, pa mapiri a Viphya, boma lidaikuza kuyambira mu 1964 pofuna kumanga fakitale ya mapepala yomwe siidamangidwe, ndipo idafika mahekitala pafupifupi 53,000. Ngakhale moto ndi kudula mosasamala zaiwononga kwambiri, ocheka matabwa akadalipo. Tidagula kwa wocheka wina pamtengo wotsika, matabwa akudontha utomoni.

Kalipentala wathu atawanyamula adapukusa mutu. "Achimwene, awa ngaawisi. Asanjeni pamthunzi, muike timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, mudikire miyezi iwiri kapena itatu." Ife poona mayi akuvutika tidamukakamiza kuti akhome sabata yomweyo.

Mmene Okutobala amafika, matabwa anali atauma ndi kufota. Pakati pake padatseguka mipata yolowa chala, ena adapindika, misomali nkutukuka. Msomali umodzi udang'amba mkeka wa mayi. Chikhala udawabaya phazi, tikadauza chiyani abale kumudzi? Tidazula zonse ndi manyazi, ndalama ya kalipentala nkulipira kawiri.

Ulendo wachiwiri tidamvera. Pa simenti tidayala pepala lakuda la pulasitiki lotchinga chinyontho. Pamwamba pake tidagoneka mitanda yopaka mankhwala a chiswe, motalikirana masentimita 40. M'mipata ya mitandayo tidalowetsa zoyera zopepuka zija, zonga zimene amatchingira firiji yatsopano m'katoni, zomwe tidakagula ku Mzuzu. Kalipentala adatifotokozera kuti simenti imakoka kutentha kwa thupi, pamene mpweya wotsekeredwa m'zoyerazo umakusunga. Kenaka adakhoma matabwa ouma, opala bwino, mothinana, nkusiya kampata kakang'ono m'mbali mwa khoma kuti nthawi ya dzinja thabwa likafufuma lisatukuke. Chitseko chidadulidwa kunsi pakuti pansi padakwera.

Juni wotsatira mayi sadatchulenso za kubwerera kunyanja. Zidzukulu zimathamangira m'chipinda mwawo madzulo kukamvera nthano, poti ndimo mofunda m'nyumba yonse.

Abale ndi alongo a kunyanja amene mukumanga kumapiri kuno, gulani matabwa mvula ikangotha, muwasanje aume, mudzakhome chisanu chisanafike kapena chitatha. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Ife tinkaganiza kuti kufulumira ndiko kukonda mayi athu, koma kufulumirako kudawachedwetsera chipinda chofunda ndi chaka chathunthu.