Ndinapulumuka nditaphunzira kutaya makadi

Abale anga, lero ndilibe ngongole, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, koma poker ya pa intaneti inatsala pang'ono kundidyera zonse, mpaka fizi ya mlongo wanga yemwe ali ku sekondale kumudzi.

Chinandikopa ndi mbiri ya Chris Moneymaker, amene mu 2003 anapeza malo pa mpikisano waukulu wa ku Las Vegas posewera pa intaneti, n'kukapata madola 2.5 miliyoni. Ndikaweruka usiku ndinkatsegula poker ya Texas Hold'em pa foni, ndipo makadi awiri aliwonse omwe ndapatsidwa ndinkalowa nawo. Kaya ndi 9 ndi 4, kaya 7 ndi 2 amene osewera onse amadziwa kuti ndi achabechabe, mtima unkangoti mwina apatebulo andikomera. Malipiro akatha, ndinkakongola kwa anzanga a kuntchito.

Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe anadutsamo m'zimenezi, anandikhazika pansi ndi pepala ndi cholembera. Sanandidzudzule. Anangondiwerengera kuti ukagwira makadi awiri osafanana, pafupifupi kawiri mwa katatu palibe limene limapeza linzake pa atatu oyamba apatebulo. Ma ace awiri omwe ndinkawalota amabwera kamodzi pa maulendo 221. N'chifukwa chake odziwa kusewera amataya makadi ambiri asanaikepo n'komwe ndalama. Ndiye pa intaneti makadi amagawidwa mwaliwiro, ndipo eni masewerawo amadulapo kawo pa ndalama zapakati, moti wolowa ndi chilichonse amauma msanga.

Chomwe chinandivuta kwambiri n'kusiya ndalama zimene ndaika kale pakati. Chala chinkachita kunjenjemera pa batani la fold, lotayira makadi. Mkuluyo anandiuza kuti zimenezo si zanganso, ndipo kuzilondola ndi makadi ofooka n'kuwonjezera pa zotayika. Nditayamba kutaya makadi, ndalama zinaleka kutuluka ngati madzi, mutu unayamba kugwira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale makadi atakhala abwino, zomwe ndinkaseweretsa zinali za lendi ndi fizi. Ndinalembetsa ku GamStop, yomwe imakutsekera masamba onse a njuga ovomerezeka ku Britain, ndipo ndinasankha zaka zisanu. Anzanga ndawabwezera onse, mlongo wanga ali m'kalasi.

Inu amene mukusewera ndi ndalama zimene wina akudikira kumudzi, chonde, musadikire kuti zithe. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe.