Masipika onse pa kabati imodzi? Awe, mukusewela na ndalama

N'tagulitsa soya wanga kuno ku Lundazi, n'nakwela basi mpaka ku Chipata kukagula home theatre ya 5.1. Amake mwana anali kufuna malata a kichini. Ine nati, yembekezani muone.

Kufika pa nyumba n'nachita vamene imwe mumachita: masipika onse asanu pa kabati, woofer pa kona, volyumu mpaka kumapeto. Denga kunjenjemela, mbale kulila, koma vokamba anthu mu filimu osamveka. Vamene anakamba amake mwana siningalembe pano.

Ananipulumutsa ni mphwanga wokonza mawailesi pa Boma. Anatenga batile ya 1.5V, n'kugunditsa waya yofiila ku plus, yakuda ku minus. Sipika ikatuluka kutsogolo, ili bwino. Imodzi yanga inabwelela mkati. Kansi n'nasinthanitsa mawaya, ndiye chifukwa bass inali kudyana yokha.

Manje mvelani malo. Centre ikhale pansi pa TV, ndiye imanyamula mau a anthu. Ziwili zakutsogolo, kumanja na kumanzele, mtunda wofanana kuchoka pamene mumakhala. Ziwili zinazo si zokongoletsa kabati iyayi, ziikeni m'mbali mwa mpando, kumbuyo pang'ono, pamwamba pa makutu. Mukatelo yatsani test tone, ija imachita shhh sipika imodzi-imodzi, foni ili na app ya sound meter pa mpando. Zonse zifanane, ambili amapimila pa 75 dB. Ngati makina anu afunsa mtunda, pimani na tepu, osangoganizila. Mau amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye sipika ya pafupi imafika msanga m'khutu.

Woofer ndiye inanisekesa. Mphwanga anaiika pa mpando wanga, ati kwawani pansi, pamene bass imveka yoyela ndiye malo ake. Ine bambo wa ana awili, kukwawa pa simenti, aneba kusuzumila pa windo! Tinayala na kapeti, chiphokoso chobwelela chinachepa.

Chimodzi chabe: nyimbo za pa Bluetooth ni stereo, musaimbe mlandu masipika akumbuyo.

Usiku uja tinaika filimu. Mvula itayamba kugwa kumbuyo kwa mpando, amake mwana ananyamuka kuthamangila panja kukaanula vovala. Mu August. Za malata sitinamalizane.