Ndani Adatha Mazira Athu?

Mwezi uno tafuna kukusimbirani kanthu kamene kadachitika pakhomo pathu, ngakhale kuti posimba tikuchita manyazi.

Thadzi lathu lidaikira mazira 12 kunsi kwa nkhokwe. Tsono mazirawo adayamba kuchepa, lero limodzi, mawa awiri, kufikira adatsala 5 okha. Ife, osafunsa kanthu, tidaloza chala mwana wamasiye amene tikumlera. Sitidammenye ai, koma tidamlasa ndi mawu ndi maso, ndipo pa mphasa ya nsima aliyense ankamyang'ana cham'mbali. Iye adangokana kamodzi, nakhala chete, pakuti wamasiye adziwa kuti alibe womuikira kumbuyo.

Masiku omwewo mlamu wathu wa ku Lilongwe adabwera kudzacheza, atatengera ana kabuku ka Chingerezi ka zithunzi. Angerezi ali ndi kanyimbo kakalekale ka ana, konena za Humpty Dumpty, amene amamjambula ngati dzira, ndipo adagwa pa khoma nasweka. Ana a kumeneko akhala akuyimba zimenezi zaka zambirimbiri, osafunsa chimene chidamgwetsa. Koma m'chaka cha 2009 mayi wina wa ku America, Jeanie Franz Ransom, adalemba buku lakuti What Really Happened to Humpty?, m'mene mbale wake wa dziralo, Joe Dumpty, asanduka wofufuza milandu, nayenda kufunsa mmodzimmodzi anthu ndi nyama za m'nyimbo zina za ana. Nkhani yake njoseketsa: tangoganizani dzira likufunsa mboni! Mlamu wathu ankawerenga namasulira, ana nkumagubuduka ndi phwete.

Ife akulu tidati m'mtima, kodi chachilendo nchiyani pamenepa? Si zomwezi tidazimva kwa agogo athu pamoto, iwo akuti "Padangokhala," ife tikuvomera "Tili tonse"? Kumbukirani nthano ya chitsime. Kudagwa chilala, nyama zonse zidakumba, Kalulu yekha adakana. M'mawa mulimonse zinkapeza madzi atavunduka, ndipo mlandu udali womwewu: wachita ndani? Zidaika alonda amphamvu, koma Kalulu ankawanyenga ndi uchi nawamanga. Potsiriza adamgwira ndi Kamba, wonyozeka uja, woyenda pang'onopang'ono, amene adadzipaka ulimbo pamsana nadikira phee. Ngakhale buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, limene ambiri a ife tidawerenga pa sukulu, ndi mlandu wobisika umene kambalame kadaulula. Limenelo nlachisoni, si loseketsa, koma funso lake ndi lomwelo.

Chimene tidaiwala ife nchakuti m'nthano zimenezi wolakwa sapezeka ndi mkwiyo kapena ndi mphekesera. Apezeka ndi munthu woleza mtima, woyang'anitsa pansi. Makolo athu adali nazo nthano zanzeru chotere, komabe chinthu chikasowa kapena munthu akamwalira, ankathamangira ku ula ndi ku mwavi, ndipo osalakwa ambiri adafa nawo. Azibambo a White Fathers adafika ku Kachebere m'chaka cha 1903, boma lidaletsa mwavi ndi lamulo la 1911, seminale idatsegulidwa kuno mu 1939. Koma chala cholozera nkhalamba kapena wamasiye chikadali chopepuka, ngakhale m'nyumba za ife obatizidwa. Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa kunamizira mnzathu, tidaliloweza pa katekisimu tili ana. Kuliloweza kudali kosavuta.

Tsono mverani chimene chidachitika. Mdzukulu wathu wamkazi, wa zaka 8, atamva nkhani ya dzira lija, adadza kwa ife nagwada, nati: "Agogo, mundilole inenso ndifufuze mlandu wa mazira." Tidaseka, koma tidamlola. Madzulo adatapa phulusa pa mafuwa, naliwaza mosamala kuzungulira nkhokwe yonse, naletsa aliyense kupondapo. Adafunsanso mboni monga adamvera m'buku: adafunsa mbuzi, adafunsa tambala, adafunsa ngakhale ife eni khomo kumene tidali dzulo masana. Pamenepa sitidakondwere kwenikweni.

Kutacha adatidzutsa mbandakucha. Paphulusa padalibe phazi la munthu ngakhale limodzi. Padali mapazi a galu, olowa ndi otuluka, ndipo powatsata tidakafika kuseri kwa khola, kumene tidapeza makoko a mazira, ndi galu wathu yemwe ali gone, kukamwa kuli chikasu. Ndiye galu amene usiku wonse tinkamtama kuti atilondera pakhomo!

Ana adaseka mpaka misozi. Mmodzi yekha sadaseke, ndiye wamasiye uja. Pamenepo tidaona kuti kuulula kwa Bambo Mfumu Loweruka sikukwanira tisanayambe takonza pakhomo. Kupepesa mwana nkovuta kwa munthu wa imvi. Mawu adatikakamira pakhosi. Komabe tidamuitana pamaso pa onse amene adamva tikumnena, tidati: "Mwanawe, tidakunamizira. Utikhululukire." Iye adayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka adafunsa ngati mazira 5 otsalawo angawakwezere pamwamba, pamene galu sangafike. Tidamuuza kuti anapiye akaswa adzakhala ake. Adaswa 4.